Kanema Atayamba Kulankhula, Adalankhulira Yani?

Pepani kuti ndakhala duu kwa kanthawi. Paja teremu ikamatha munthu umangokhalira kuchonga mapepala a mayeso mpaka maso kuchita chidima. Lero ndati ndisiyeko za m'kalasi, ndikambeko mbiri ya kanema, chifukwa pali nkhani yomwe yakhala ikundizungulira m'mutu chichokereni kometetsa Loweruka lapitali.

Pafupi ndi pomwe ndimametetsa pali kanyumba koonetsera mavidiyo, chimkuzamawu chili panja monga mwa masiku onse. Filimu yake idali ya ku China, koma mawu adali a Chichewa chenicheni. Mnyamata mmodzi ndiye ankalankhulira aliyense: mfumu, mkazi wa mfumu, ngakhale wakuba, uku akuponyamo nthabwala zake ndi mayina a malo a konkuno. Ana adali atadzaza mpaka pakhomo, kuseka ngati awagwira m'khwapa. Ine nditadandaula za phokosolo, wometa uja adandiyankha kuti, "Aphunzitsi, popanda wolankhulayu ine sindingalowemo. Ndikamvemo chiyani?"

Funso la wometali si lachilendo ayi. Lidayamba zaka pafupifupi 100 zapitazo, pamene kanema adayamba kutulutsa mawu. Ambiri timaganiza kuti kubwera kwa mawu kudali chitukuko chokhachokha. Nzoona chidali chitukuko, koma chidabweretsanso mafunso atatu omwe sadathe mpaka lero: ndani alankhule, alankhule chinenero chanji, ndipo mawu akulankhulawo amulembera ndani?

Kanema ali duu

Kuyambira m'chaka cha 1895, pomwe Auguste ndi Louis Lumière, anthu apachibale a ku France, adayamba kuonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu olipira mumzinda wa Paris, kanema adatha zaka zoposa 30 osalankhula. Azisudzo ankafotokoza nkhani ndi maso, manja ndi kayendedwe. Pakafunika mawu, ankangoika kachiganizo kolembedwa pakati pa zithunzi. Koma musaganize kuti m'nyumba za kanema munkakhala zii ngati kumanda. M'matauni ang'onoang'ono munkakhala munthu woimba piyano, ndipo m'mizinda ikuluikulu munkakhala gulu lathunthu la oimba ndi zida zosiyanasiyana, lotsatira zochitika pa chinsalu. Ku Japan kudali anthu otchedwa benshi, omwe ankaima pambali pa chinsalu n'kumafotokoza nkhani ndi kulankhulira azisudzo onse. Ena mwa iwo adatchuka kuposa azisudzo enieniwo. Mukuona kuti mnyamata wathu wa pamsika uja ali ndi makolo ake pa ntchitoyi.

Kanema wosalankhulayu adali ndi ubwino umodzi waukulu: adalibe malire a chinenero. Filimu ya Charlie Chaplin inkaseketsa munthu wa ku London, wa ku Bombay ndi wa ku Johannesburg mofanana. Pofuna kuigulitsa kudziko lina ankangosintha tiziganizo tolembedwa tija basi. N'chifukwa chake ku Hollywood kudadzaza akatswiri ochokera kutali: Pola Negri wa ku Poland, Vilma Bánky wa ku Hungary, Emil Jannings wa ku Germany ndi Greta Garbo wa ku Sweden. Palibe yemwe ankafunsa ngati Chingerezi chawo chidali chomveka. Ngakhale anthu osamva ankakhala pa mpando umodzi ndi anzawo n'kutsata nkhani yonse popanda wowafotokozera.

Usiku wa pa 6 October 1927

Kampani ya Warner Bros. panthawiyo idali yocheperapo poyerekeza ndi zimphona monga Paramount ndi MGM. Mmodzi mwa eni ake, Sam Warner, ndiye adakakamiza abale ake kuti ayese makina atsopano opangidwa ndi akatswiri a Western Electric, omwe adawatcha Vitaphone. Nzeru yake idali yolumikiza makina oonetsera filimu ndi galamafoni. Mpukutu uliwonse wa filimu unkatenga mphindi pafupifupi 11, ndipo unkabwera ndi mbale yakeyake ya mainchesi 16. Woonetsa kanema ankayenera kuika singano ndendende pa chizindikiro chake. Singano ikalumpha, kapena filimu ikaduka n'kulumikizidwa moperewera, zonse zinkasokonekera: mkazi atsegula pakamwa, kumveka mawu a mwamuna.

Poyamba cholinga chawo sichidali choti azisudzo azilankhula. Ankafuna nyimbo zokha, kuti ngakhale kanyumba ka kanema ka kumudzi kazimveka ngati muli gulu lalikulu la oimba. Filimu yoyamba yamtunduwu, Don Juan, idatuluka mu August 1926. Idali ndi nyimbo ndi kulira kwa malupanga, koma mudalibe wolankhula.

Zinthu zidasintha pa 6 October 1927, pomwe filimu ya The Jazz Singer idaonetsedwa koyamba ku New York. Nkhani yake idachokera ku sewero la pa siteji lolembedwa ndi Samson Raphaelson. Ndi ya mnyamata wachiyuda, mwana wa wotsogolera nyimbo m'sunagoge, yemwe adakana kulowa m'malo mwa bambo ake n'kuthawa pakhomo kukaimba nyimbo za m'maholo. Adatenga mbali yaikuluyo ndi Al Jolson, woimba wotchuka kwambiri wa pa Broadway, yemwenso adali mwana wa wotsogolera nyimbo m'sunagoge, wobadwira ku Lithuania. Kunena zoona, mbali yaikulu ya filimuyi ndi yosalankhula. Zolankhula zonse zingangokwana mphindi ziwiri. Koma pali malo amodzi omwe adagwedeza anthu. Mnyamatayo wabwerera kwawo, wakhala pa piyano, akuimbira mayi ake, kenaka asiya kuimba n'kuyamba kucheza nawo, kuwalonjeza nyumba yabwino ndi zovala zatsopano. Anthu adali asadamvepo munthu wa pa chinsalu akungocheza chonchi ngati ali pakhonde. Ndiye bambo aja atulukira pakhomo n'kukalipa ndi liwu limodzi loti aleke, ndipo pomwepo filimu ibwerera kukhala duu. Oonera adamva kuti chinachake chawalandidwa m'manja. Kuchokera usiku umenewo sadafunenso kubwerera m'mbuyo.

Chomvetsa chisoni n'choti Sam Warner sadaone zimenezi. Adamwalira pa 5 October, kutatsala tsiku limodzi lokha.

Zotsatira zake zidabwera mothamanga. Mu July 1928 kudatuluka Lights of New York, filimu yoyamba yaitali yolankhula kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mu November chaka chomwecho Mickey Mouse adatulukira akuliza likhweru mu Steamboat Willie. Pofika 1930 makampani akuluakulu a ku Hollywood adali atasiya kupanga mafilimu osalankhula. Mbale za galamafoni zija nazonso sizidakhalitse. Njira ina, monga ya Movietone ya kampani ya Fox, inkajambula mawu pa kamzere kakang'ono m'mphepete mwa filimu yeniyeniyo, kotero kuti chithunzi ndi mawu sizikadasiyana. Pofika 1931 ngakhale a Warner adali atatengera njira imeneyi.

Walira mvula walira matope

Oyamba kumva kuwawa adali oimba. Ku America kokha anthu oposa 20,000 ankadyera kuimba m'nyumba za kanema, ndipo m'zaka zochepa ntchito zambiri zidapita. Bungwe lawo, American Federation of Musicians, lidalipira zotsatsa m'manyuzi zochenjeza anthu za nyimbo za makina, koma sizidathandize, makamaka poti mavuto aakulu a zachuma omwe adayamba mu 1929 adawapeza ali kale pamsewu. Ku Japan a benshi adanyanyala ntchito m'chaka cha 1932, koma nawonso adagonja pang'onopang'ono. Mmodzi mwa iwo adali Heigo Kurosawa, mkulu wake wa Akira Kurosawa yemwe adadzatchuka popanga mafilimu. Ntchito yake itatha, Heigo adadzipha mu 1933. Anthu osamva nawo adangopezeka atsekeredwa kunja kwa chisangalalo chomwe kale chidali cha onse.

Kwa azisudzo, mdani watsopano adali maikolofoni. Zida za masiku amenewo zinkatola phokoso lililonse, moti kamera ankaitsekera m'kachipinda kotentha kuti kulira kwake kusamveke, ndipo maikolofoni ankaibisa m'maluwa kapena paliponse pafupi. Munthu amene adazolowera kuthamanga ndi kulumpha tsopano ankauzidwa kuti aime pamodzi n'kulankhula molunjika kumaluwako. Choipa kwambiri chidali nkhani ya katchulidwe ka mawu. Emil Jannings ndiye adali mwamuna woyamba kulandira mphotho ya Oscar ya katswiri wa zisudzo mu 1929, koma chaka chomwecho adalongedza katundu kubwerera ku Germany chifukwa Chingerezi chake chidali cholemera. Vilma Bánky sadapitirire patali. Garbo adamuchedwetsa mpaka 1930, ndipo mwamwayi anthu adawakonda mawu ake akuya mu filimu ya Anna Christie.

Chitsanzo chomwe chimandikhudza kwambiri ndi cha Anny Ondra, mtsikana wa ku Czechoslovakia. M'chaka cha 1929 Alfred Hitchcock ankajambula naye filimu ya Blackmail ku Britain ngati yosalankhula, kenaka eni kampani adalamula kuti ikhale ndi mawu. Mbali yake idali ya mwana wa mwini sitolo wa mu London, koma lilime lake lidali la kwawo. Tsono adapeza mkazi wina, Joan Barry, n'kumuimika pambali pomwe kamera sikumuona, ali ndi maikolofoni. Anny ankangogwedeza milomo, Joan n'kumalankhula. Nkhope ya wina, mawu a wina. Chithunzi chimenechi muchisunge, ndibwererakonso.

Pali nthano yomwe imakambidwa kawirikawiri ya John Gilbert, yemwe adali mfumu ya mafilimu achikondi ku MGM. Amati adagwa chifukwa mawu ake adali aang'ono. Koma mafilimu ake olankhula alipo mpaka lero, ndipo mawu ake ndi abwinobwino. Vuto lidali zomwe adamulembera. Mu His Glorious Night ya 1929 adamupatsa mawu achikondi obwerezabwereza, ndipo zomwe zinkakoma poziona ndi maso okha zidakhala zoseketsa pozimva ndi makutu. Anthu adaseka m'malo molira. Adamwalira mu January 1936 ali ndi zaka 38. Chaplin yekha ndiye adali ndi chuma ndi mbiri zoti n'kukana. Adatulutsa City Lights mu 1931 ndi Modern Times mu 1936 popanda kukambirana kwenikweni, ndipo mu filimu yachiwiriyi, ataganiza zotsegula pakamwa, adaimba nyimbo ya m'chinenero chongopeka chomwe palibe mtundu ungati n'chake. Adadzalankhula ndithu mu 1940, mu The Great Dictator, pofuna kunyoza Hitler.

Mpanda wa zinenero

Makampani a ku Hollywood ankapeza gawo lalikulu la ndalama zawo kunja kwa America, ndiye funso la wometa wanga lija lidawapeza msanga: munthu wa ku Mexico kapena ku France alipirirenji filimu yomwe sakuimva? Njira yoyamba idali yojambula filimu imodzi kangapo. Stan Laurel ndi Oliver Hardy, anthabwala awiri aja, wina wowonda wina wonenepa, ankabwereza zisudzo zawo m'Chisipanishi, Chifalansa ndi Chijeremani, akuwerenga mawu olembedwa pa bolodi kuseri kwa kamera popanda kudziwa tanthauzo lake. Filimu ya Dracula ya 1931 inkajambulidwa masana m'Chingerezi ndi Bela Lugosi, ndipo usiku gulu lina linkalowa m'malo omwewo kujambula ya Chisipanishi. Kampani ya Paramount idatsegula malo ku Joinville, pafupi ndi Paris, komwe nkhani imodzi inkajambulidwa m'zinenero zambiri motsatizana. Zidali zodula kwambiri, choncho posakhalitsa adapeza njira ziwiri zomwe tikuzidziwa lero: kulemba mawu m'munsi mwa chithunzi, kapena kuchotsa mawu enieni n'kuikamo a munthu wina.

Koma mpanda womwewu udathandiza ena. Maiko omwe adali ndi ndalama ndi ufulu wojambula adaona kuti anthu amakonda kumva chinenero chawo ndi nyimbo zawo kuposa za alendo. Ku India, Ardeshir Irani adatulutsa Alam Ara pa 14 March 1931 mumzinda wa Bombay. Idali ndi nyimbo zisanu ndi ziwiri, ndipo anthu adachuluka mpaka apolisi kuitanidwa. Mwambo woimba ndi kuvina womwe timauona m'mafilimu a Amwenye udayambira pamenepo, ngakhale kuti filimuyo idatayika. Ku Egypt mafilimu olankhula adayamba mu 1932, ndipo oimba monga Mohammed Abdel Wahab adasandutsa mzinda wa Cairo likulu la kanema wa Aluya onse.

Nyimbo za pa siteji ndi nkhope zopakidwa

Ku America nakonso chomwe chidagulitsa kanema wolankhula kwambiri ndi nyimbo. Hollywood idatumiza anthu ku Broadway, msewu wa zisudzo wa ku New York, kukatenga oimba, ovina ndi olemba nyimbo. The Broadway Melody ya 1929 idapata Oscar ya filimu yopambana. Mafilimu oimba adachuluka mpaka anthu kutopa nawo pofika 1931, koma adadzukanso mu 1933 ndi 42nd Street, momwe Busby Berkeley ankandandalika ovina ambirimbiri n'kuwajambula kuchokera pamwamba. Chaka chomwecho Fred Astaire ndi Ginger Rogers adavina limodzi koyamba. Anthu osowa ntchito ankapereka kandalama kawo komaliza kuti aiwale mavuto kwa maola awiri.

Tsono pano ndi pomwe nkhaniyi imafika pa khungu lathu. Mu The Jazz Singer muja, Jolson amadzipaka zakuda kumaso, n'kusiya milomo yokha, kuti aoneke ngati munthu wakuda. Uwu udali mwambo wakale wa zisudzo za ku America, momwe azungu ankatsanzira anthu akuda mowanyoza, kuwaonetsa ngati aulesi ndi opusa. Ndiye kuti filimu yomwe idatsegula pakamwa pa kanema idaonetsa nkhope yakuda yabodza, eni ake nyimbo za jazi ali panja.

Patangopita miyezi iwiri ndi theka, pa 27 December 1927, sewero loimba la Show Boat lidatsegulidwa pa Ziegfeld Theatre ku New York. Nyimbo adapeka ndi Jerome Kern, mawu adalemba ndi Oscar Hammerstein II, kuchokera m'buku la Edna Ferber. Lidali losiyana ndi masewero ena a nthawiyo, omwe adali ongosangalatsa. Ili linkakamba za moyo wa pa mtsinje wa Mississippi, za anthu akuda onyamula katundu padoko, ndi za mkazi wa magazi osakaniza yemwe ukwati wake ndi mzungu udali wolakwira lamulo. Azungu ndi akuda adaimba pa siteji imodzi, ndipo lidaonetsedwa maulendo 572. Komabe ngakhale mmenemo, mbali ya Queenie, mayi wakuda wophika, adaipereka kwa mzungu wodzipaka kumaso. Nyimbo yotchuka ya seweroli, Ol' Man River, adailemba akuganizira mawu a munthu mmodzi, Paul Robeson. Iye sadapezeke pa kutsegulira kwa ku New York, koma adaiimba ku London mu 1928, ndiponso mu filimu ya 1936.

Paul Robeson

Ophunzira anga, dzina ili mulidziwe. Robeson adabadwa mu 1898 ku Princeton, m'chigawo cha New Jersey. Bambo ake adathawa ukapolo ali mnyamata n'kudzakhala m'busa. Iye adaphunzira pa Rutgers, komwe adali katswiri wa mpira wa ku America komanso wophunzira yemwe adasankhidwa kulankhula pa tsiku lomaliza maphunziro mu 1919. Adapitiriza ndi zamalamulo pa Columbia. Atayamba ntchito, mlembi wina wachizungu adakana kulemba zomwe iye ankamuuza chifukwa cha khungu lake, ndipo Robeson adaisiya ntchito ya uloya n'kulowa m'zisudzo. Mawu ake adali akuya ngati bingu lakutali. Kanema wolankhula adali ngati adapangira iye.

Ali ku London adakumana ndi ophunzira ochokera ku Africa, ndipo mu 1934 adalembetsa pa sukulu yomwe lero imatchedwa SOAS kuti aphunzire Chiswahili ndi katchulidwe ka zinenero. Nthawi yomweyo abale awiri, Alexander ndi Zoltan Korda, adamupempha kuti atenge mbali ya mfumu Bosambo mu filimu ya Sanders of the River. Adamuonetsa magule ndi nyimbo zomwe adali atajambula ku Africa, ndipo iye adakondwa poganiza kuti dziko liona ulemerero wa chikhalidwe cha makolo ake. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Filimu itatuluka mu 1935 idali yotamanda atsamunda. Nkhani yake ndi yoti mzungu mmodzi wolamulira dera, Sanders, akangochoka anthu amayamba kuphana, ndipo mtendere umabwera iye akabwerera. Mawu okoma aja a Robeson adagwira ntchito yoimbira bwanayo nyimbo yomutamanda. Mwa anthu omwe adalembedwa ganyu yongoima kumbuyo ngati mafumu ang'onoang'ono mudali wophunzira wina wa ku Kenya, Jomo Kenyatta.

Robeson adaikana filimuyi poyera. Adati imaonetsa munthu wakuda momwe maboma a Hitler ndi Mussolini ankafunira kumuonera, ngati chilombo komanso ngati mwana. Adaphunzirapo kuti kukhala ndi mawu amphamvu sikokwanira ngati wolemba nkhani ndi wodula filimu ndi munthu wina. Adayesabe mafilimu ena, ndipo yomwe adaikonda ndi The Proud Valley ya 1940, ya anthu okumba malasha ku Wales. Mu 1942 adalengeza kuti wasiya mafilimu a Hollywood chifukwa cha momwe ankaonetsera anthu akuda. Pa siteji, pomwe padalibe womudula, adayamba kusintha mawu a Ol' Man River. Pomwe nyimboyo inkaonetsa munthu wotopa ndi wogonja, iye adaikapo mawu a munthu wosabwerera m'mbuyo.

Adalipira mtengo waukulu. Chifukwa cholankhula motsutsa tsankho ndi utsamunda, komanso chifukwa choyamikira dziko la Soviet Union, boma la America lidamulanda pasipoti mu 1950, maholo ambiri adamutsekera, ndipo chuma chake chidalowa pansi. Pa nkhani ya Soviet Union pali pomudzudzula ndithu, poti sadatsutse poyera nkhanza za Stalin. Koma taonani izi: mu 1957, ali woletsedwa kutuluka m'dziko, adaimbira anthu osonkhana ku London ndiponso okumba malasha a ku Wales kudzera pa lamya yodutsa pansi pa nyanja. Pasipoti idabwerera mu 1958. Adamwalira mu January 1976.

Nanga kwathu kuno?

Mwina mukufunsa kuti ife tidali kuti pa nthawi yonseyi. Pakati pa 1935 ndi 1937 kudali ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, yomwe adayendetsa ndi L. A. Notcutt ndi G. C. Latham, mothandizidwa ndi bungwe la amishoni la International Missionary Council ndi ndalama za Carnegie Corporation. Adajambula mafilimu 35 ali ku Tanganyika, n'kuyenda nawo pa lole ku Tanganyika komweko, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Zithunzi zidali zosalankhula, koma ankaliza mbale za galamafoni zofotokoza nkhani m'zinenero za anthu, kuphatikizapo Chinyanja. Njira ija yomwe Hollywood idali itataya ndi yomwe idafika kuno.

Nkhani zake zidali zophunzitsa: msonkho, ulimi, matenda, kusunga ndalama. Ina idali ya antchito awiri, wina wokwirira ndalama zake pansi mpaka kubedwa, wina wokasungitsa ku positi. Azisudzo adali anthu akuda, chinenero chidali chathu, koma nkhani adasankha ndi ena, ndipo pafupifupi nthawi zonse idali ya wochenjera womvera malangizo ndi wopusa wotsata zakale. Mwa mafilimu onsewo atsala ndi atatu okha, osungidwa ku London. Mu 1948 kudakhazikitsidwa Central African Film Unit yotumikira Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri, ndipo idayenda m'njira yomweyo. Ku South Africa filimu yaitali yoyamba yokhala ndi akatswiri akuda, Jim Comes to Jo'burg, momwe adaimba Dolly Rathebe, idatuluka mu 1949, patatha zaka 22 chilankhulireni Jolson. Ife tidadikira nthawi yaitali kuposa apo. Seasons of a Life ya Shemu Joyah idatuluka mu 2008. Ndipo mu 2019, The Boy Who Harnessed the Wind itatuluka, ambiri tidaseka momwe azisudzo akunja ankatchulira Chichewa. Ine ndidaseka nawo, koma ndidakumbuka Emil Jannings. Ulendo uno lilime lolemera lidali la mlendo, woweruza tidali ife.

Aphunzitsi anzanga, ndidati ndibwerera kwa Anny Ondra. Ndikamachonga mayeso a mbiri yakale ndimakumana naye kawirikawiri. Mwana walemba ndime yonse ndendende monga ndidalembera pa bolodi, mpaka pomwe ine ndidalakwitsa. Milomo ndi yake, mawu ndi anga. Mwana yemweyo mukamupeza panja akufotokozera anzake filimu yomwe adaonera dzulo, mupeza kuti amadziwa chiyambi cha nkhani, choyambitsa mkangano ndi zotsatira zake, zomwe ndi luso lomwe timalifuna m'phunziro lathu. Sindikunena kuti tisiye Chingerezi, mayeso amalembedwa m'Chingerezi ndipo ana ayenera kukhoza. Ndikungoti tisamatenge mwana wosowa chinenero ngati wosowa nzeru. Teremu ikubwerayi ndikufuna ndiwaonetse a Fomu 2 mphindi khumi za filimu ya Chaplin, kenaka aliyense afotokoze zomwe waona, poyamba m'Chichewa, kenaka m'Chingerezi. Paja pagule fumbi ndiwe mwini. Ndidzakuuzani momwe zidzayendere.

Pempho langa lomaliza ndi kwa inu amene muli ndi agogo omwe adaonerako kanema wa pa galimoto, uja ankabwera madzulo pabwalo la sukulu kapena kwa amfumu n'kupachika chinsalu. Afunseni adakali moyo. Ankaonetsa chiyani? Wofotokoza adali ndani, ndipo ankanena zomwe adatumidwa kapena ankawonjezerako zake? Anthu ankaseka pati? Zimenezi m'mabuku athu a sukulu mulibe, ndipo mafilimu ambiri adatayika kale. Mukazilemba mundisungire, tidzakambirane tikakumana.